Tsiku limene anandikweza pa first base

Nditakhala zaka zitatu ku South Bend, ku Indiana, anzanga a kuntchito anandikokera m'timu yawo ya baseball, ya madoda ongosewera Loweruka. Sindinaope. Munthu ndinali goloboyi wotchuka ku Ndirande masiku a mpira wachikulunga, ndiye kampira kongokwana m'dzanja kangandivute chiyani? Anandiika ku right field, kumapeto kwa bwalo, kumene mpira umabwera kamodzi pamwezi ngati malipiro.

Titasewera magemu atatu, kochi anandiitanira pambali. "Sabata yamawa uli pa first base. Ndiwe wamtali, komanso wamanzere. Malo amenewa ndi ako." Nditangomva mawu oti first, mtima unangoti myaa. Usiku womwewo ndinaimbira achimwene ku Blantyre pa WhatsApp kuwauza kuti kuno andikweza, tsopano ndine nambala wani.

Mwana wanga wazaka 12, yemwe saphonya magemu a South Bend Cubs, timu ya baseball ya mumzinda muno, anayesa kundichenjeza. "Adadi, pamenepo amaikapo munthu amene mkono wake watopa. Bryce Harper a Phillies anamuika pa first base mu 2023 atachitidwa opaleshoni ya chigongono. Joe Mauer naye anapitapo mu 2014 atavulala m'mutu." Ndinamuyankha kuti ndiye kuti bambo ake ali m'gulu la akatswiri, akagone. Kunena zoona, ndikaponya mpira kuchokera ku right field unkafika ukugubuduzika ngati dzungu, koma zimenezo si nkhani zokambirana ndi mwana.

Ntchito yake imaoneka yophweka. Phazi limodzi liponde kathumba koyera kotchedwa first base, ndipo uwakhe mpira umene anzako akuponyera, womenya mpira wa timu inayo asanamalize kuthamanga mafiti 90 ake kudzaponda kathumbako. Anandipatsanso gulovu yaikulu ngati lichero. Mipira iwiri yoyamba ndinawakha bwinobwino, mpaka ndinayang'ana kumene kunakhala mayi akunyumba kuti aone okha.

Wachitatuwo shortstop, mnzathu woima pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu, anauponya pansi. Unanjanja pafumbi, ukubwera molunjika pamsongolo. Mutu unati tsitsa gulovu. Koma mwendo wamanzerewu unakulira ku Ndirande ndipo sunafunse aliyense. Ndinauponda shoti yochotsa ngozi pagolo, ija yoti anthu akadaimba nthungululu pa Kamuzu Stadium.

Abale, kampira kaja n'kolemera magalamu 145 okha, koma ndi mwala wovala chikopa. Kanadumpha mpanda n'kukagwera m'mbale ya ma hot dog a timu inayo. Woimbira anapatsa aliyense wothamanga mabesi awiri aulere, anthu awiri n'kulowa kukagoletsa akuyenda ngati akupita kumsika. Ine ndinali pansi nditagwira chala chachikulu chakuphazi, ndikuitana amayi anga m'Chichewa chimene palibe anachimva kupatula mkazi wanga, yemwe anali atabisa nkhope m'chitenje.

Kuchipatala dokotala atandifunsa kuti chala chathyoka bwanji, ndinati pa baseball. Anayang'ana phazi, n'kuyang'ana ine, n'kufunsanso kachiwiri.

Loweruka lotsatira kochi anandipatsa udindo wina, wolondera bokosi la zakumwa. Madzulo achimwene anaimba kufunsa kuti nambala wani zikumuyendera bwanji. Ndisanatsegule pakamwa, mayi akunyumba analanda foni. "Alamu, musadandaule, awakwezanso. Panopa akusewera atakhala pampando."