Apongozi pa kaliyala

Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, ndipo mpaka chaka chatha ndinkadziona ngati dolo pa nkhani yonenerera mitengo. Venda akati K2,000, ine ndinkayambira pa K700, kenako n'kumachoka pang'onopang'ono kuti andiitane. Mayi a kunyumba ankandiuza kuti kuumira kumeneku kudzandivula tsiku lina. Tsikulo linakwana mu Okutobala, ndipo linasankha kukwanira kwawo kwa iwo omwewo, ku Salima.

Anandituma kukasiya katundu kwa apongozi: shuga, sopo, mafuta ophikira ndi kaenivelopu ka ndalama ya feteleza. Kudepoti ndinasankha minibasi yomwe inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza. Nditangolipira, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi, ngati akukagula madzi, n'kukakhala mu ina. Imeneyonso ndi ntchito, abale: munthu amadzuka m'mawa, kusamba, kukakhala pampando wa minibasi yomwe sapita nayo kulikonse, kuti opusa ngati ine tiziti yadzaza. Tinanyamuka patatha ola ndi theka.

Mukatsika zitunda za ku Mvera, mphepo yozizira imatsazika. Pofika pa Kaphatenga, pamphambano yolowera ku Nkhotakota, malaya anali atamatirira kumsana. Minibasi ikangoima, mawindo onse amasanduka sitolo: mafilizesi, madzi ozizira, malambe, mazira owiritsa okhala ndi kamchere ndi tsabola pambali. Mnyamata wina anandigulitsa dzira, n'kuthamanga ndi minibasi yoyenda kuti andipatse chenje cha K100. Ndinamuyamikira mumtima, koma dziralo ndinali nditanenerera.

Pa Kamuzu Road ndinatsika ngati bwana, chikwama m'manja. Amene anafikako ku Salima akudziwa kuti dera lake ndi lathyathyathya ngati mphasa, ndiye njinga yakapalasa ndi mfumu. Zamoto zachuluka masiku ano, koma akabaza opalasa akadalipo, njinga zawo zili ndi khushoni kumbuyo, popondera mapazi ndi kogwirira kuseri kwa chishalo. Anandizungulira ngati asanu ndi atatu.

“Bigi, tiyeni!” “Madala, iyi ndi ya mabuleki!” “Bwana, kuno, khushoni yatsopano!”

Ndinasankha wina woonda, wovala chipewa chachikulu cha mlaza. Ndinamuuza mudzi wa apongozi, cha kumsewu wopita ku Senga Bay.

“K1,500, bwana.”

“Iwe, K1,500 pa njinga yosamwa petulo? K500.”

“Petulo wake ndi nsima, bwana. Chimanga chakwera.”

“Palibe ndi chitunda chomwe kuno. Njingayo imayenda yokha.”

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kumwetulira. “Ngati imayenda yokha, palasani ndinu, ine ndikhale kumbuyo. Mundipatsa K700.”

Anzake anaseka. Munthu wanzeru akanaseka nawo n'kulipira. Ine ndinawerengera kuti ndapulumutsa K800, ndinavula jekete, n'kupinda buluku la kumwendo wa kutcheni. Iye anatenga chikwama changa n'kuchiika pamiyendo, anandiveka chipewa chake kuti dzuwa lisandiphe, n'kukhala pakhushoni mwaulemu wake wonse.

Njinga ndinaipalasa komaliza ndili ku sekondale. Mamita oyambirira tinayenda ngati njoka yomenyedwa pamutu. Kenako miyendo inakumbukira, koma mapapo anakana. Mwini njinga kumbuyo ankangopereka malangizo: “Imbani belu, bwana. Mbuzi iyo. Kumanzere, kukubwera lole.” Ankaperekanso moni kwa anzake m'njira, wina mpaka anakuwa kuti, “Aise, walemba wantchito?”

Titayenda mwina kilomita imodzi, pafupi ndi kagolosale kena, anandiuza kuti ndiime. Ndinathokoza Mulungu. Ndinagwetsa mutu pahandulo, thukuta likuchucha m'maso, chipewa chitaphimba nkhope.

“Bwana,” anandinong'oneza, “apa pali kasitomala, akupita mbali yomweyo. Anyamuleni, ine ndikutsatirani pa njinga ya mnzanga. Mukatero K700 ija musalipire.”

Ulendo waulere! Sindinadzutse n'komwe mutu. Ndinangoti, “Akwere.” Chikwama anatsala nacho iye, akuti chikole cha njinga.

Ndinamva njinga ikutsika kumbuyo, munthu akukhala cham'mbali monga amakhalira amayi, nsalu ikukonzedwa. Kenako chinthu chofunda chinandigunda m'chiuno n'kulira kuti kwee. Tambala.

“Tiyeni achimwene, ndachedwa. Kunyumba kukubwera alendo.”

Mawu amenewo ndinawadziwa msana usanawongoke. Ndinawamva koyamba tsiku la chinkhoswe, ndipo chiyambire sindinawamvepo pafupi chonchi. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sakhala mphasa imodzi. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, moni mumapatsana chapatali, mutanjuta, maso kumbali. Tsono ine apongozi anga ndinali nditawanyamula pakaliyala, phewa lawo likugunda msana wanga pabampu iliyonse.

Kutsika n'kudziulula? Kuthawa n'kusiya njinga ya eni? Miyendo inasankha yokha: inapalasa.

Foni yawo inalira. Anayankha mokweza, monga amachitira anthu akuluakulu poganiza kuti Lilongwe ili kutali.

“Eee, ndagula tambala, zathu zija zinatha ndi chitopa. Bambo a Chisomo akubwera lero. Iii, amenewo ndi a mu ofesi, mwina abwera pa galimoto. Muwauze ana asese pabwalo.”

Galimoto yake inali imeneyi, ya belu. Tambala naye, ngati wamva kuti afera ine, anatulutsa mutu m'nsalu n'kuyamba kundijompha pamwamba pa lamba, malo amodzimodzi, ngati akutola mapira. Kukuwa sindikanatha. Ndinkangoluma mlomo.

“Achimwene, ndinu achilendo pa kabaza?”

Ndinakulitsa mawu ngati chule wa m'chitsime. “Mmm.”

“Zikuoneka. Mukuyendetsa ngati mwalawa kachasu. Kwanu n'kuti?”

“Mmm.”

“Odwala mano?”

“Mmm.”

Anandimvera chisoni n'kundilangiza kuti nditafune adyo.

Titasiya tala n'kulowa kanjira ka kumudzi, tinakumana ndi mchenga wa ku Salima. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa K1,500 ija. Tayala lakutsogolo linkalowa pansi, ine n'kuimirira pa zopalasira, ntchafu zikuyaka moto. Paja ndinkati njinga imayenda yokha? Pakuimirira kwachitatu ndinamva kuti pwee kumbuyo. Buluku la ku ofesi linang'ambika pamsoko, kutsogolo kwenikweni kwa maso a apongozi. Iwo anangokhosomola n'kuti, “Zimachitika pantchito.”

Njira sanandiuze kawiri. Ndinakhota pamtengo wa mango, n'kukhotanso pachitsime, mpaka anadabwa: “Koma mudzi uno mukuudziwa bwino.”

Tinaima pabwalo losesedwa bwino lija. Anatsika, n'kumasula mfundo ya pansalu.

“Zingati?”

Ndinakweza chala chimodzi, nkhope kumbali, kutanthauza K1,000.

“Iii, ayi. Mwandigwedeza njira yonse, tambala wanga mpaka wachita chizungulire. K600.”

Kunenerera kuja ndinakumva kuwawa kwake tsiku limenelo. Ndinatambasula dzanja chakumbuyo kuti ndilandire ndizipita, ndikavale jekete kuseri kwa tchire ndibwerenso ngati mlendo. Zikanatheka ndithu. Koma kamlamu kanga ka Sitandade 4 kanatuluka m'khitchini, kanasuzumira pansi pa chipewa, n'kukuwa mudzi wonse kumva:

“Alamu! Amayi, ndi alamu a ku Lilongwe!”

Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga chonchija. Apongozi anaponya tambala, anafunda nsalu kumutu, n'kuzimirira kuseri kwa nkhokwe. Tambala, miyendo ili chimangire, anadumphadumpha kulowera kudimba, ana pambuyo pake. Ine ndinagwada pamchenga, dzanja limodzi litagwira njinga, lina litatseka pong'ambika, n'kupereka moni kwa nkhokwe.

“Muli bwanji, amayi?”

Nkhokwe inayankha motsitsa: “Tili bwino, kaya inu, bambo. Mwayenda bwanji?”

Mwini njinga anafika nthawi yomweyo pa kabaza wa mnzake, atakumbatira chikwama changa, wouma bwinobwino ngati wochokera ku msonkhano. K600 ija anatola yekha pamchenga. Kenako anazungulira njinga yake, n'kugwedeza mutu: sipoko imodzi yathyoka, K1,000. Mnzake amene anamunyamula, K1,000, poti ulendowo unali wondiperekeza ine. Anthu anali atadzaza pabwalo. Ndinalipira osatsegula pakamwa, koyamba m'moyo wanga. Pochoka anavula chipewa pamutu panga n'kuti, “Mukafuna ganyu Loweruka, mundipeza pa siteji, bwana. Mwendo muli nawo.”

Tambala tinadya madzulo, ine nditavala mpira wa apongozi aamuna ndi nsalu m'chiuno, buluku lili kwa telala. Enivelopu ya feteleza ndinapereka kudzera kwa mlamu wanga wamkulu. M'mawa ndinaipeza m'chikwama changa, pamwamba pa kathumba ka mpunga.

Ndisanafike n'komwe pa Kaphatenga, mayi a kunyumba anaimba foni.

“Bambo a Chisomo, amayi akuti ndalamayo isungeni kaye mpaka mupeze ntchito ina. Akutinso bwanji simunandiuze kuti mukudwala mano?”