Kompyuta inati 15, pepala linati 45

Semesita ino tikuphunzira zoyesa zomangamanga pa kompyuta zisanamangidwe, zija amati simulation, ndiye sabata yathayi zandichititsa manyazi moti ndati ndilembe msanga ndisanayambe kudzikhululukira.

Asayimenti yake inali yophweka kwabasi. Bimu ya mamita 6, yotsamira pa zipilala ziwiri, yosenza katundu wa 10 kN (muyeso wa mphamvu) pa mita iliyonse. Ndinaijambula mu pulogalamu, kuika katundu uja, kudina run, pasanathe ndi mphindi yomwe sikirini yonse yadzaza mitundu, buluu apa, wobiriwira apo, kofiira kumapeto konse kuwiri, ine kumangomwetulira ngati ndamanga mlatho weniweni. Moment, mphamvu yomwe imafuna kupinda bimu, ya pakati pake inatuluka 15 kNm. Ndinalemba lipoti, kuikamo zithunzi zinayi zokongola, nkukapereka.

Aphunzitsi zithunzizo sanaziyang'ane nkomwe. Anangotenga bolopeni nkulemba wL²/8 (fomula ya moment ya pakati pa bimu yongotsamira, w ndi katundu pa mita, L ndi kutalika kwa bimu) pakona pa pepala langa, kenako akuti "tawerengani apa, mupeza zingati?" 10 kuchulukitsa ndi 36, kugawa ndi 8, ndi 45 basi. Ndinangoti kakasi. Kusiyana katatu konse! Kubwerera pa kompyuta ndinapeza kuti ma support onse awiri, pomwe bimu imatsamira, ndinawasiya pa fixed, kutanthauza ogwira zolimba, pomwe funso limanena bimu yongotsamira, yoti kumapeto kwake ikhoza kutembenuka. Bimu yogwiridwa zolimba mbali zonse moment yake yambiri imathawira kumapeto, kumakhala 30, pakati nkutsala 15, ndipo kupindika kwake kumachepa kasanu. Kufiira kumapeto kuja kunali kundiuza zimenezi, ineyo ndimaona ngati ndi zokongoletsa. Zikanakhala za pa saiti, ndikanaika zitsulo zochepa pansi pa bimu, pamalo pomwe konkiriti imayambira kung'ambika.

Chomwe chandiwawa nchakuti pulogalamuyo sinalakwitse chilichonse, inayankha molondola funso lomwe ine ndinafunsa mosadziwa.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga mmene finite element, njira yomwe pulogalamuyi imawerengera, imagwirira ntchito, chifukwa poyamba ndimangodina mabatani. Nzeru yake ndi yakuti chinthu chachikulu chovuta kuwerengera umachidula tizidutswa tambirimbiri, kompyuta nkuwerengera kalikonse ndi mmene kakukankhirana ndi tinzake. Dzinalo analipereka Ray Clough mu 1960. Tizidutswato pamodzi ndiye mesh, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa ukadula zidutswa zikuluzikulu pamalo pomwe mphamvu zaunjikana, ngati pakona kapena polumikizana makoma, kompyuta imakupatsa nambala yofatsa kuposa zoona zake, koma mitundu ija imatulukabe bwinobwino, palibe chenjezo.

Nkhani yomwe yandisowetsa tulo ndi ya Sleipner A ku Norway. Chinali chimaziko chachikulu cha konkiriti cha pulatifomu ya m'nyanja, ndipo pa 23 Ogasiti 1991 akuchiyesa pochimiza pang'onopang'ono pafupi ndi Stavanger, khoma lina linang'ambika, madzi analowa kuposa mmene mapampu akanapopera, chonsecho nkumira. Atafufuza anapeza kuti powerengera ndi finite element, shear, mphamvu yofuna kudula khoma modutsa, pamalo olumikizana makoma aja inachepetsedwa ndi pafupifupi 47 peresenti, ndiye makomawo ndi zitsulo zake sizinali zokwanira. Tangoganizani, awa sanali ana asukulu ngati ine, anali akatswiri enieni okhala ndi makompyuta apamwamba a nthawi imeneyo. Ine kulakwitsa kwanga kwandidyera mamakisi okha.

Ya Millennium Bridge ku London ndi yamtundu wina, mwinanso yoopsa kuposa, chifukwa pamenepo vuto silinali mesh koma funso lomwe silinafunsidwe mokwanira. Mlathowu unatsegulidwa pa 10 Juni 2000, patangopita masiku awiri unatsekedwa. Anthu ambirimbiri akuyenda, mlatho unayamba kugwedezekera cham'mbali pang'ono, aliyense pofuna kuti asagwe nkumaponda motsatira kugwedezekako, mapeto ake onse akuponda pamodzi osapangana, kugwedezeka nkumakulirakulira. Kompyuta ingakuuze bwanji za khalidwe la anthu lomwe sunaliikemo? Anachita kuikamo ma damper, zida zochepetsa kugwedezeka, nkudzautsegulanso mu 2002, ndipo asanatsegule anayendetsapo anthu enieni kuti aone ngati zatheka.

Osandimva molakwika, sindikuti tizisiye. Mbali ya BIM, kujambula nyumba yonse ndi zonse za mkati mwake pa kompyuta, yandisangalatsa kwambiri, makamaka clash detection, kufufuza zinthu zomwe zikugundana, mu pulogalamu ya Navisworks, umaphatikiza model ya zipilala ndi mabimu ndi ya mapaipi, iyo nkukuonetsa paipi yomwe ikudutsa pakati penipeni pa bimu, zomwe kale amazitulukira konkiriti itauma kale wina atagwira hamala ndi tchizulo. Zimenezo ndiye palibe angatsutse.

Koma chomwe ndazindikira nchakuti nambala yomwe umalemba mu bokosi la mphamvu ya konkiriti ndi lonjezo chabe. Umalemba 30 MPa, kompyuta imakhulupirira, siidziwa kuti tsiku lothira wina anawonjezera madzi kuti isavute kusalaza. Nchifukwa chake mu labu timaphwanyabe ma cube, timabuloko ta konkiriti ta mamilimita 150, pa tsiku la 7 ndi la 28 chithirireni, ndipo phokoso la cube ikamasweka mu makina muja ndayamba kulimva mosiyana ndi kale.

Asayimenti yachiwiri ndi silabu yokhala ndi bowo la masitepe. Ulendo uno ndayamba ndi pepala, ndalemba nambala yomwe ndikuyembekezera ndisanayatse nkomwe laputopu, kenako ndayang'ana ngati ma reaction, mphamvu zomwe ma support akubweza, akufanana ndi katundu yemwe ndaika. Tizidutswa ta mesh ndatichepetsa kukula maulendo atatu tsopano, pakati pa silabu nambala yakhazikika, koma pakona ya bowo lija stress, mphamvu yomwe yaunjikana pamalopo, ikungokwerabe ulendo uliwonse, ndipo mnzanga akuti pakona yakuthwa chonchi siidzaima ngakhale nditadula bwanji. Mawa m'mawa ndikawafunse aphunzitsi aja, ndipita ndi pepala langa lomwe.