Alamu anga ndi nkhope ya Fiat Multipla

Loweruka usiku. Tulo sitikubwera chifukwa cha mkangano wa masana ndi alamu anga. Ndinangowauza kuti ndalama zikakwana ndikufuna kuitanitsa Toyota Sienta ku Japan, idzere ku Dar es Salaam. Iwo kuseka mpaka misozi. "Mlamu, magalimoto onsewa inu mwaona imeneyo? Anthu azikuimitsani pamsewu, aziyesa ndi takisi."

Kenako anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa zithunzi za magalimoto amene anthu amati ndi onyansa kwambiri padziko lonse, kuti ndione gulu limene ndikulowa. Panali Pontiac Aztek ya ku America, imene General Motors inasiya kupanga mu 2005 itangokhala pamsika zaka zochepa. Panali SsangYong Rodius ya ku South Korea ya mu 2004, imene denga lake lakumbuyo limaoneka kuti analiwonjezera ntchito itatha kale. Pa ziwirizi sindinatsutse. Koma atafika pa Fiat Multipla ya ku Italy n'kunena kuti "onani chule uyu," mtima unanditentha.

Zoona, Multipla ya mu 1998 ndi yovuta kuiyang'ana. Pansi pa galasi lakutsogolo pali chotupa chokhala ndi magetsi ena, magalasi am'mbali ndi aakulu kwambiri, ndipo galimotoyo ndi yaifupi koma yotambalala. Komatu anthu a ku Italy aja ankadziwa chimene akuchita. Galimoto yosakwana mamita 4 m'litali imanyamula anthu 6, atatu kutsogolo, atatu kumbuyo, aliyense pampando wakewake, buti n'kutsalabe ndi malo a katundu. Woyendetsa amaona bwino mbali zonse chifukwa cha magalasi omwe akusekedwawo. Mu 1999 inaonetsedwa ku Museum of Modern Art, nyumba yoonetsera zaluso ku New York. Ndinawauza zonsezi, mwina mokweza mawu, chifukwa achemwali anasuzumira kuchokera kukhitchini.

Ndinawafunsa ngati anamvapo za Ford Pinto. Anati ayi. Tinaipeza pafoni yomweyo, iwo n'kunena kuti, "Imeneyi ndiye galimoto, yaulemu wake." Ndiye ndinawafotokozera kuti Pinto, imene inagulitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1970, inali ndi thanki ya petulo kumbuyo kwenikweni, pakati pa matayala akumbuyo ndi bampala. Galimoto ina ikaigunda kumbuyo, thanki inkatha kuboka, moto n'kubuka. Anthu anapsa, ena anafa. Mu 1978 Ford inaitanitsa magalimoto pafupifupi 1.5 miliyoni kuti akakonzedwe, ndipo chaka chomwecho khoti la ku California linalamula kampaniyo kulipira chindapusa cha madola 125 miliyoni pa mlandu wa mnyamata amene anapsa, ngakhale woweruza anadzatsitsa ndalamazo kufika pa 3.5 miliyoni. Kwa ine galimoto yopangidwa moipa ndi imeneyo. Pa zithunzi zonse zimene alamu ankaseka, Pinto panalibe.

Chimene chikundipweteka sindikuchimvetsa bwino. Multipla sindinaikwerepo, ndipo a Fiat si abale anga. Mwina n'chakuti pamene ankaseka Sienta, ine ndinkaganiza za amayi. Mawondo awo sakulola kukwera galimoto yaitali, ndipo chitseko chokoka cham'mbali chija, pansi pake pali pafupi, chingawathandize popita kuchipatala. Ndinkaganiza za ana, za matumba a chimanga pochokera kumudzi, za sipeya amene amapezeka paliponse chifukwa ma Sienta adzaza m'tauni. Zonsezi alamu anazifafaniza ndi kuseka kumodzi. Ndipo ndatopa ndi khalidwe lathu loti munthu agule galimoto yoti anthu akaione paukwati, kenako ikhale miyezi pagalaji kudikira kachitsulo kochokera kunja.

Tikudya nsima nkhaniyo inazizira, tinakamba za mitengo ya feteleza. Koma posamba m'manja iwo anayambiranso, tsopano osaseka. "Mlamu, ndikufunseni. Ngati Multipla inali yanzeru choncho, n'chifukwa chiyani a Fiat anaisintha nkhope?" Anali ataziwerenga ine ndikulankhula. N'zoona, mu 2004 anachotsa chotupa chija, galimotoyo n'kuyamba kuoneka ngati anzake onse. Anati munthu amagwira ntchito zaka kuti agule galimoto, ndipo m'mawa uliwonse amaiona pakhomo asanaikwere, ndiye si kulakwa kufuna kuti mtima uzisangalala poiona. Anatinso Aztek ija inali ndi malo ambiri, mpaka ena ankaigula ndi tenti yomangirira kumbuyo, koma ogula anaikanabe.

Ndinangoti "chabwino, alamu," chifukwa yankho ndinalibe. Ndikuganizabe kuti ndikulondola pa za Pinto. Pa zinazo sindikudziwa, ndipo achemwali akuti mawa tibwerenso tikatuluka kutchalitchi.