Chotsamira chagona tsopano: mpando wopinda wa mu HiAce

Dzulo cha m'ma 4 koloko madzulo chotsamira chagona pa chokhalira, thasa, popanda kuchikanikiza ndi bondo. Ndinachidzutsa, n'kuchigonekanso, n'kuchidzutsanso, mwina kakhumi, mpaka mayi a kunyumba anatuluka kukhitchini kudzaona chimene chikulira kuti kha, kha pabwalo. Pamalo amodzi omwewa, pomwe chotsamira cha mpando womwe ndikupangawu chimapindikira, ndatayapo masiku 9 ndi makutu achitsulo mapeyala 3, ndiye ndati ndilembe mutu udakali wotentha, mwina wina mwa inu asadzadutse njira yaitali yomwe ndadutsa ineyi.

Galimoto ndi HiAce ya 200, ya DX yonyamula katundu ija, yochokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ngati zambiri zomwe tikuyendera. Mkati mwa sabata imasenza matumba a chakudya cha nkhuku ndi mathireyi a mazira. Kamodzi pamwezi, kapena kukagwa zovuta, imanyamula banja kupita kumudzi ku Ntcheu. Benchi yomwe inabwera nayo ndi yowongoka, siponji yake yopyapyala, ndipo anaipanga choncho dala: ku Japan, kuti galimoto ilembedwe kuti ndi yonyamula katundu, malo a katundu ayenera kukula kuposa malo okhala anthu kumbuyo, ndiye mpando amaupanikiza kuti usadye malo. Kwa anyamata opita kukatsitsa katundu pafupi ndi wabwino ndithu. Koma pa Khirisimasi tinanyamula apongozi, ndipo tisanawoloke mlatho wa pa Zalewa anali atanong'oneza kale mwana wawo kuti andiuze ndiime awongole msana. Pa Chingeni tinaimanso. Iwo sanadandaule ngakhale pang'ono, koma mmene ankatsikira, atagwira m'chiuno, zinandikhudza kwambiri. Tsiku lomwelo ndinatsimikiza kuti ndipanga mpando woti munthu wamkulu akhalepo kuchoka mu Blantyre mpaka kumudzi, koma woti Lolemba likafika upindike, uchoke panjira ya matumba.

Ndinatengera nzeru ya mipando yakumbuyo ya Noah, ija imapindikira kukhoma n'kukolekedwa cha pawindo. Ya Sienta yolowa pansi pa mpando wapakati ndi yokongola, ya Honda Fit ndiye kuposa, koma Fit imatha kutero chifukwa thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, kumbuyo n'kutsala dzenje loti mpando utsikiremo. Ine kudula pansi pa galimoto sindingayerekeze. Kwatsala khoma basi.

Malire anga ndi 20 cm. M'kati mwa galimoto ndinayeza pafupifupi mita ndi theka m'lifupi, ndipo zivindikiro za matayala akumbuyo zimalowa mkati pafupifupi 20 cm mbali iliyonse. Mpando ukapindika n'kusapitirira pamenepo, ndiye kuti sunandilande kanthu, chifukwa malowo matayala anadya kale. Felemu ndi paipi ya sikweya ya 25 mm yokhuthala 2 mm. Pokhala pali pulayi ya 9 mm ndi siponji ya 65 mm, potsamira pulayi ya 6 mm ndi siponji ya 50 mm. Kuphatikiza zonse ndi 18 cm, lekizini asanakutidwe. Papepala zinkalowa bwinobwino.

Chomwe chinandigwira mwendo ndi pini yomwe chotsamira chimazungulirapo. Ulendo woyamba ndinaboola pomwe mafelemu awiriwo akumanirana, chitsulo ndi chitsulo. Mafupa okhaokha ankapindika bwino moti ndinajambula n'kutumizira achimwene anga. Nditamata siponji, chotsamira chinangofika pakati n'kuima, yasa ngati pakamwa pa ng'ona, masiponji atagundana m'munsi. Apo ndinazindikira msanga kuti ndayeza kuchokera pachitsulo pomwe zokumana ndi masiponji.

Ndiye ndinati pini ikwere. Kuchokera pakati pa paipi ya chotsamira kufika pankhope ya siponji yake ndi pafupifupi 7 cm, choncho ndinawotcherera makutu a fulatiba ya 50 mm yokhuthala 5 mm kuti pini ikhale 7 cm pamwamba pa siponji yokhalira. Chinapindika, chinagona. Koma nditakhalapo, makutu aja anali ataimirira mbali zonse ziwiri molunjika fupa la m'chiuno, mutu wa bawuti uli penipeni. Mpandowu ndi wa 48 cm m'lifupi, palibe pothawira. Ndinaganiza za chitenje cha apongozi chikukodwa pamenepo, ndinaganiza za mwana atagwerapo galimoto ikamenya bampu ya pa Lunzu, ndipo ndinatenga girayinda n'kuwadula.

Kachitatu ndinayesa kugawa pakati: pini pa 4 cm, kenako kusenga siponji ya chotsamira m'munsi kuti ipatse malo. Imeneyi ndiye inandiwawa kwambiri, chifukwa ndinasenga penipeni pomwe msana umafuna chochirikiza, pomwe ntchito yonseyi inayambira. Ndipo sichinagonebe. Ndikakanikiza ndi bondo chinkatsika, ndikachotsa bondo n'kudzuka, tepi n'kumawerenga 23 cm. Sabata yonseyo maganizo anga ankangoyenda pamzere umodzi, kukwera kapena kutsika, kukwera kapena kutsika.

Chinandipulumutsa ndi kuzima kwa magetsi Loweruka m'mawa. Kuwotcherera kutakanika, ndinakhala pakhonde ndi katoni ya mafuta ophikira, n'kudula zidutswa ziwiri za msinkhu weniweni wa chokhalira ndi chotsamira mukamaziyang'ana cham'mbali, siponji n'kuiwerengera momwemo. Chokhalira ndinachikhomera pathabwa. Pa chotsamira ndinamatapo katoni ina yotambalala m'munsi kuti ndizitha kubaya msomali paliponse, ndipo ndinayamba kubaya n'kuzungulitsa, kubaya n'kuzungulitsa. Katoniyo pano ili ndi mabowo oposa 20. Bowo lina ndinalibaya kutsogolo, m'kati mwa chokhalira momwe, pansi pa mzere wa siponji, mosayembekezera chilichonse. Nditazungulitsa, m'munsi mwa chotsamira munanyamuka kaye pang'ono, n'kudutsa pamwamba pa siponji osaikhudza, kenako n'kutera mwaulemu nkhope ndi nkhope. Ndinabwereza katatu ndisanakhulupirire.

Mukachiona n'chapafupi. Chotsamira chikamazungulira, mtunda wochoka pa pini kufika pankhope yake susintha. Ndiye kuti chigone ndendende, mtunda umenewo uyenera kufanana ndi mtunda wochoka pa pini kufika pamwamba pa siponji yokhalira. Malo otere alipo mbali ziwiri: pini ikhale pamwamba ndi kumbuyo kwa ngodya yomwe masiponji akumanirana, komwe ine ndinakakamira sabata yonse, kapena ikhale pansi ndi kutsogolo kwa ngodyayo. Kwachiwiriku pini imabisala m'mbali mwa chokhalira, palibe chitsulo chotulukira kumtunda choti chikubaye. Nditapita kukasuzumira mipando ya galimoto ya aneba ndinapeza mkono wa chotsamira uli wokhota kulowera kutsogolo chimodzimodzi. Ndakhala ndikuona mikono imeneyi zaka zonsezi osafunsa chifukwa chake imakhota.

Ndinakhazikika pa 30 mm pansi pa mzere wa siponji ndi 35 mm kutsogolo kwa nkhope ya chotsamira. 5 mm yapamwambayo ndi ya lekizini ndi kutukuka kwa siponji pakati. Mikono ndadula papuleti ya 6 mm, yooneka ngati L, ndipo pangodya yam'kati ndasiya pozungulira chifukwa ngodya yakuthwa ndi pomwe mng'alu umayambira. Iwiri yonse ndinaipana pamodzi n'kuiboola nthawi imodzi. Musaboole payokhapayokha, anzanga. Kusiyana kwa milimita imodzi yokha chotsamira chimayenda chopotoka n'kumaluma mbali imodzi. Izi ndinaziphunzira chaka chatha pa matebulo opinda omwe ndinapangira amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu, pomwe tebulo loyamba linkaima ndi miyendo itatu mpaka ndinadula n'kuyambiranso. Matebulowo akugwirabe ntchito, ndipo lachinayi ndi lomwe ndimanyadira, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pini yake ndi bawuti ya M10 (10 mm) ya giredi yolimba ya 8.8, yokhala ndi khosi lopanda mazinga kuti mkono uzizungulira posalala, kachidutswa ka paipi ngati bushi, ndi nati ya nyloc, ija yosamasuka yokha. Pakati pa mkono ndi felemu ndaikapo mawashala odula pachigubu chakale cha pulasitiki. Amachotseratu kulira kwa chitsulo pachitsulo, ndipo akatha chigubu china sichisowa.

Loko yogwira chotsamira sindinapange ndekha ndipo sindikulangiza munthu kupanga. Galimoto ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, katundu wa kumbuyo amadzamenya chotsamiracho, ndiye kachitsulo kongopinda pamanja sikangagwire. Ndinakatenga ya mpando wa galimoto yophwasulidwa ku Ndirande, kwa abambo ena achikulire omwe ndimagulako kuyambira kalekale. Shedi yawo mukaiona mungati ndi mulu wa dzimbiri, koma iwo amadziwa pomwe pali chilichonse. Ndinangowafotokozera ndi manja, iwo n'kuti, "Achimwene, dikirani pomwepo," n'kulowa m'kati, n'kutuluka ndi maloko awiri a mbali zonse, masipuling'i ake ali amoyo. Anandiuzanso kuti ndiyambe ndaiviika mu dizilo usiku wonse ndisanaiweruze, ndipo zoonadi m'mawa inkatseka ndi chala chimodzi. Zitsulo ndimagula ku Limbe, pasitolo ina yomwe amalola kuti uyeze kukhuthala kwa paipi wekha usanalipire. Zimenezi ndimaziona zofunika, chifukwa paipi yopyapyala ndi ndodo zowotcherera za 2.5 mm siyichedwa kubooka, ndipo pampando wonyamula munthu sindifuna chigamba.

Za kukhala bwino, chotsamira ndachipendeketsa madigiri 23 kuchoka poimirira, ndipo kutsogolo kwa chokhalira ndakweza 3 cm kuti munthu asamatsetserekere kutsogolo. Kwa ine ziwirizi zikuposa kukhuthala kwa siponji. Pansi ndaika siponji yolimba ya 45 mm, pamwamba yofewa ya 20 mm, kumata ndi guluu wa nsapato. Ya matiresi otchipa ija musayese, imaphwa mwezi usanathe n'kuyamba kumva pulayi. Siponji ya chotsamira yomwe ndinasenga ndataya, ndadula ina, ndipo m'munsi ndawonjezera kachidutswa ka 15 mm kochirikiza msana. Ndinkaopa kuti kalepheretsa kugona, koma kakungobonyezeka pang'ono loko n'kugwira. Mayi a kunyumba anakhalapo dzulo akusankha mpunga mpaka anamaliza lichero lonse osasuntha, n'kunena kuti mayi awo afika kumudzi osapempha kuima. Tepi ikuwerenga 18.5 cm. Telala akakuta mwina ifika 19.

Pali mtengo wake womwe ndalipira. Poti pini yapita kutsogolo, chotsamira chikagona chimasefukira kutsogolo kwa chokhalira kuposa mmene chikanachitira pini ikanakhala pangodya penipeni. Ndikakweza mpando wonse kukhoma, nsonga yake ikutsala pang'ono kukhudza mpando wa dalaivala, ndipo chotsamira mutu chiyenera kuzulidwa kaye. Ndibweza mahinjesi a kukhoma ndi 5 cm kumbuyo, koma kumeneko mabowo sakugweranso pa nthiti ya bodi, ndiye pafunika chitsulo chachitali cholumikiza nthiti ziwiri. Chotsamira mutu sindichisiya, ndingochipangira thumba pansi pa chokhalira kuti chisamasowe.

Lamba ndiye sindimumanga pampando. Apita pabodi, ndi mabawuti ake enieni a 7/16 UNF, kunsi kuli puleti yotambalala yoti bawuti isang'ambe lata. Ndisanaboole pansi ndilowa kaye kunsi ndi tochi kuona pomwe padutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki. Ndikufunanso kupita ku Road Traffic ndisanafike nthawi ya COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndikafunse za chiwerengero cha mipando cholembedwa m'mapepala a galimotoyi, kuti ntchito yonseyi isadzathere pa rodibuloko.

Mpando pano ukulemera 17 kg, ndipo kuukweza kukhoma ndi dzanja limodzi n'kovuta kwa mayi a kunyumba. Ndili ndi ma shock awiri a chitseko cha buti omwe ndinatola kwa abambo aja. Ndikufuna ndiikepo imodzi moti izithandiza pokweza, komanso mpando ukatsika izikanikizira mwendo pansi kuti usamagwedere. Pomwe ndiikolekere ndibwereranso ku katoni ndi msomali. Uwu ukatha ndipanga wa kumanzere, kumbuyo kwa chitseko chotsetsereka, pamwamba pa tayala, womwe mwendo wake ukhala wina. Mtima wanga uli pa mipando inayi, iwiri mbali iliyonse, yoti zotsamira zizigoneranso chakumbuyo n'kupanga bedi la ana tikapita kunyanja ku Mangochi, mvula isanayambe ngati nkhuku zilola. Mawa ndikapereka mazira ndidutsira kwa telala ndi felemu, tikasankhe lekizini yosatentha kwambiri padzuwa.