Zikomo nonse, makamaka inu alamu anga

Abale anga, anzanga a kuntchito ndi a kumpingo, ndachedwa kulemba mawu awa chifukwa maso anga amatopa msanga ndikayang'ana pa foni, ndipo dzanja langa lamanzere silinayambe kugwira zinthu bwinobwino. Ndakhala ndikulemba pang'onopang'ono, m'mawa mokhamokha, nthawi imene mutu umakhala wopepukirako. Ndili kunyumba kuno ku Chamama, ndikudya, ndikuyenda ndi ndodo kuzungulira bwalo, ndipo aliyense wolowa pakhomo ndikumuzindikira ndi kumutchula dzina. Ambuye Mulungu alemekezeke chifukwa cha zimenezi.

Ambiri mukudziwa kale mmene zinayendera, choncho sindibwereza zonse. Mutu umene unkandiwawa kwa nthawi yaitali uja, umene tonse tinkauyesa malungo kapena kuthamanga kwa magazi, unadzadziwika bwino nditagwa m'kalasi ana akuona. A chipatala cha boma ku Kasungu ananditumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo sikani inaonetsa chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku, mbali ya kumanja kwa mutu. Madokotala anatifotokozera kuti mbali ya kumanja ya ubongo ndi imene imayendetsa mbali ya kumanzere ya thupi, n'chifukwa chake mkono ndi mwendo wamanzere zinkafooka pamene vuto linali kumanja. Chotupacho anachitchula kuti meningioma. Chimamera pa kachikopa kamene kamakuta ubongo, chimakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, chimapezeka kwambiri mwa amayi kusiyana ndi abambo, ndipo nthawi zambiri sichikhala khansa, koma chikakula chimapanikiza ubongo chifukwa m'chigaza mulibe malo oti chinthu chifutukukire.

Ndinalowa ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, m'mawa, ndipo akuti ananditulutsamo kunja kutada kale. Za tsiku limenelo ine sindikumbukapo kanthu. Amene analimva kutalika ndi amuna anga ndi alamu, amene anakhala pabenchi tsiku lonse osalawa chilichonse, akudzidzimuka chitseko chikangotseguka. Ndikuthokoza madokotala amene anatsegula fupa, nachotsa chotupacho mosamala, nabwezeretsa fupalo pamalo pake. Ndikuthokoza ogonetsa odwala, anamwino a ku ICU ndi a kuwodi, a mafizo othandiza kulimbitsa ziwalo zofooka, ngakhalenso amayi okolopa amene ankandipatsa moni m'mawa uliwonse ndisanathe n'kuyankha komwe. Ndikuthokozanso achinyamata a kwaya yathu ndi aphunzitsi anzanga amene munapita kukapereka magazi mutamva kuti opaleshoni yotere imafuna magazi. Ena mwa inu kanali koyamba kubayidwa singano imeneyo, ndipo ndinamva kuti munkaopa, koma munapitabe.

Tsopano ndinene za alamu anga, mchemwali wa amuna anga, amene sindinabadwe nawo bere limodzi ndipo panalibe chowakakamiza. Mayi anga ndi okalamba, mng'ono wanga ali ku Johannesburg, ndipo kuwodi ya amayi kumafunika gadiyani wamkazi. Nkhaniyi itafika pa banja, anthu akuyang'anizana, alamu anangolowa m'nyumba n'kumanga zovala m'chitenje. Unali mwezi wa Januwale, chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, mtedza ukufuna kupalira, ndipo aliyense wa ku Kasungu kuno akudziwa tanthauzo la kusiya munda nthawi imeneyo kwa mayi amene alibe bambo pakhomo. Anausiya. Ku Lilongwe ankagona pa simenti pambali pa bedi langa, ankaphikira kumalo a magadiyani ndi makala ogula, ankanditembenuza usiku kuti ndisachite zilonda, ankandisambitsa, ndiponso ankandichitira zina zimene sindingazilembe pagulu. Sindinawamvepo akuusa moyo.

Koma chimene ndikufuna kuti mumve, ndi chimene chandichititsa kulemba, n'chakuti ntchito yaikulu ya alamu inayamba titabwerera kunyumba. Anthu ambiri atamva kuti andituluka m'chipatala anaganiza kuti ndachira, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa matenda amene tinawazolowera amatero. Opaleshoni ya m'mutu siitero. Ulendo wokha wochokera ku Lilongwe kufika ku Kasungu, makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1 kudzera ku Lumbadzi, Mponela ndi Madisi, kuwonjezapo msewu wa kuno kwathu, unandimaliza mphamvu kwa masiku angapo, ngakhale kuti abambo oyandikana nawo nyumba amene anadzatitenga pa galimoto lawo anayendetsa mofatsa kwambiri, n'kumaima paliponse pamene ndamva chizungulire. Abambo inu, munakana ngakhale ndalama ya mafuta, Mulungu akubwezereni.

Kutopa kwa pambuyo pa opaleshoni imeneyi n'kosiyana ndi kutopa kwa kumunda. Munthu umadzuka, kusamba m'maso, kumwa phala, basi mphamvu za tsikulo zatha. Anthu awiri akamalankhula nthawi imodzi mutu umalephera kutsata, wailesi imasokosa, kuwala kwa dzuwa la masana kumalasa m'maso, ndipo misozi imatha kungobwera popanda chifukwa chodziwika. Mankhwala ochepetsa kutupa kwa ubongo, a dexamethasone aja, ananditupitsa nkhope, anandipatsa njala yosatha, anandilanda tulo, ndipo ankachititsa kuti mtima uzipsa msanga. Amenewa saloledwa kuwasiya mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono motsatira mmene adokotala alembera. Mankhwala oletsa kugwa nawo safuna kudumphitsa ngakhale kamodzi. Alamu anga sanapite patali ndi sukulu, koma anapempha namwino kuti awafotokozere mobwereza mpaka anasunga zonse pamtima, anadziwa piritsi lililonse ndi maonekedwe ake ndi nthawi yake, ndipo anauza mwana wanga wamkazi kuti awatchere belu pa foni. Chibwerere kuno, palibe tsiku limene mankhwala anaphonyeka.

Malamulo amene tinachoka nawo ku chipatala ndi ovuta kwa mayi wa pakhomo. Anandiletsa kusenza chilichonse pamutu, kunyamula zolemera, kuwerama nthawi yaitali, kukwera njinga ya kabaza, kukhala pafupi ndi moto ndiponso kupita ndekha kumjigo kapena kuchitsime, chifukwa munthu amene angathe kugwa nthawi iliyonse, moto ndi madzi ndiye adani ake. Ntchito za mayi zikachotsedwa zimenezi, palibe chimene chimatsala. Zonsezo zinagwera alamu. Anasamuka kwawo n'kudzagona pamphasa m'chipinda changa. Ndikamasamba amakhala panja pa bafa n'kumandilankhulitsa kuti azimva kuti ndili bwino. Chilonda cha pamutu ankachiyang'ana m'mawa ndi madzulo, kuona ngati chafiira, chatupa kapena chikutuluka madzi, ndipo ankandigwira pamphumi kuti amve ngati thupi latentha, popeza anatichenjeza kuti zimenezo zikaoneka, kapena mutu ukawawa modabwitsa n'kumasanza, tisadikire kuti kuche. Ulusi atachotsa, chipsera chinayamba kuyabwa kwinaku mbali ina ya mutu ili dzanzi, ndipo iwo ndi amene ankandigwira dzanja usiku kuti ndisakande.

Usiku wina ndinagwa kunyumba konkuno. Ndikulemba zimenezi poyera mwadala. Akuti thupi linauma, ndinayamba kuphupha, thovu likutuluka kukamwa, ndipo ana anayamba kulira. Alamu anakankhira kutali mpando ndi mbaula, anandiika chitenje chopindapinda kumutu, kugwedezeka kutatha anandigoneka chammbali kuti malovu atuluke, sanandiike supuni kapena chala m'kamwa, sanandipanikize, sanandimwetse madzi, ndipo anauza mwana kuti aziyang'ana nthawi monga mmene anamwino anatiphunzitsira, kuti zikapitirira mphindi zisanu tithamangire ku chipatala. Nditatsitsimuka ndinapeza mutu wanga uli pamiyendo pawo, akundipukuta kukamwa ndi chitenje chawo chomwe. Kutacha tinapita kukaonana ndi adokotala, ndipo anakonzanso mlingo wa mankhwala.

Ndanena zimenezi chifukwa mbiri ya kugwa kwangako itamveka m'mudzi, alipo ena amene anasiya kufika pakhomo pano, ena analetsa ana awo kudzasewera ndi ana anga, ndipo ena akabwera ankakana madzi akumwa poopa kapu. Abale anga, khunyu si matenda opatsirana. Silidutsa m'malovu, m'mbale kapena m'chitenje, ndipo kwa ine linabwera chifukwa cha chotupa ndi bala la pa ubongo. Likanakhala lopatsirana, bwenzi alamu anga atagwa kalekale. Aliponso achibale amene magalimoto awo amadutsa pa Kasungu kawirikawiri, koma foni zawo zinasiya kupezeka kuyambira tsiku limene tinatchula za ndalama ya sikani. Ena anafika kwa amuna anga n'kuwauza kuti mutu wa munthu sang'amba, kuti izi n'zolodzedwa, ndipo kuti akalola opaleshoni abwera ndi bokosi. Mawu amenewo anawalemetsa amuna anga pa nthawi imene ankafunika kulimbikitsidwa. Sindisunga chakukhosi ndi munthu, ndipo khomo lino n'lotsegula, koma zinandipweteka, ndipo sindinganame kuti sindinazione.

Ambuye, Inu amene munaona mayi uja akugona pa simenti, mukumbukireni iye ndi ana ake. Musalole kuti nkhokwe yake ikhale yopanda kanthu chifukwa cha ine.

Amuna anga, zikomo. Munagulitsa njinga yamoto imene munaivutikira zaka zambiri, munasamala ana ndi fodya nokha, ndipo mwaphunzira kuphika phala. Ana anga, mwakula msanga chaka chino, makamaka iwe wamkulu amene ukukonzekera mayeso a Fomu 4 kwinaku ukuchapa ndi kutunga madzi. Amayi a Chigwirizano, munagawana masiku obweretsa nkhuni, ufa ndi ndiwo, ndipo mutauzidwa kuti phokoso likundivuta munayamba kuimba motsitsa mawu, nyimbo imodzi yokha, kenako pemphero. Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo pondibweretsera mapemphero kunyumba. Anzanga a banki mkhonde, munandiimitsira ngongole popanda chiwongoladzanja ndipo munasonkhanso thandizo lina pamwamba pake. Aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi anzanga, munagawana kalasi yanga ya Sitandade 8 kuti ana asatsalire pamene mayeso ayandikira. Nonse amene munatumiza kangachepe pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ena osatchula n'dzina lomwe, dziwani kuti ndalama zimenezo ndi zimene zinagula makala, sopo, zipatso ndi kulipira maulendo. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, amene mumapatuka pa njinga yanu kudzandiona ngakhale si tsiku la sikelo, inunso zikomo.

Dzanja lamanzere likubwerera, ndipo apanso ndi alamu. A mafizo anatisonyeza zoyenera kuchita, koma kuno kumudzi kulibe zipangizo zawo, choncho alamu anapeza njira zawo. M'mawa uliwonse amandiikira nyemba m'lichero kuti ndizitola imodziimodzi ndi dzanja lofookalo n'kumaponya m'kapu, amandipatsa chitsononkho kuti ndizifinya, amandiuza kuti ndimange ndekha mabatani a bulauzi ngakhale zitenge nthawi yaitali bwanji, ndipo madzulo amandiyendetsa mpaka pa mtengo wa mango n'kubwerera, iwo ali mbali ya kumanzere. Masiku amene ndafooka mtima n'kunena kuti lero ayi, amangoti, "Alamu, tolani khumi zokha, zinazo mawa." Sabata yatha ndinakwanitsa kumanga ndekha duku, ndipo iwo ndi amene anayamba kululutira.

Zotsatira za kachidutswa kamene anakapima zinabwera, ndipo zinatsimikiza kuti chotupacho si khansa. Komabe madokotala anena kuti ndizipitabe ku Lilongwe kukajambulidwa nthawi ndi nthawi, chifukwa chotupa cha mtundu umenewu chimatha kumeranso, ndipo mankhwala oletsa kugwa ndipitiriza kumwa mpaka iwo eni adzanene. Za kubwerera kuntchito sanandilolebe. Ofuna kudzandiona bwerani ndithu, koma chonde bwerani cham'mawa, awiriawiri kapena atatu, ndipo musakhumudwe ndikapempha kukagona tili pakati pocheza.

Ambiri mwakhala mukufunsa pa foni kuti mungathandize chiyani. Ine pakadali pano zondikwanira zilipo. Pempho langa lili kumunda kwa alamu. Chimanga chawo sichinachite bwino chifukwa feteleza anathiridwa mochedwa, koma mtedza ulipo ndithu, wakhwima, ndipo ukufunika kukumba usanayambe kumera m'nthaka. Iwo akukana kuchoka pano, akuti sangandisiye ndi ana okhaokha. Amuna anga agwirizana ndi achinyamata a kwaya kuti Loweruka likubwerali akayambe kukumba m'mamawa, ndipo amayi a Chigwirizano avomera kudzathothola sabata yotsatira. Amene muli ndi khasu ndi mphamvu, kapena ngolo yoti idzatute, lankhulani ndi amuna anga madzulo ano kuti adziwe chiwerengero cha anthu ophikira nsima.