Sabata imodzi m'chipinda cha odwala obanika

Ndine namwino, ndipo chipinda changa ndi chija timagonekamo anthu amene kupuma kwawavuta. Lolemba ndimayamba ndi makina. Mpweya tikupumawu uli ndi okosijeni wokwana magawo 21 pa 100 alionse, wotsalawo pafupifupi wonse ndi nayitirojeni. Konsentireta, makina amene timapatsira odwala okosijeni, imakoka mpweya womwewu, n'kuudutsitsa m'timiyala totchedwa zeolite timene timagwira nayitirojeni, ndipo chimene chimatulukira ku paipi chimayenera kukhala okosijeni woposa magawo 90. Vuto lake n'lakuti makina otopa amalirabe ngati abwinobwino, kampira koyezera malita kamakwerabe, madzi a m'botolo amachitabe thovu, koma mpweya wake uli wopanda mphamvu. Ndinachapa mafyuluta a kumbuyo, amene anali atachita bii ndi fumbi, kenako n'kuyeza makina alionse. Amodzi anaonetsa 74. Akatsika pansi pa 82 sayeneranso kukhala pa munthu, ndiye ndinawamata pepala n'kuwatumiza kwa okonza.

Lachiwiri masana anabwera mayi ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Chibayo. Nthiti zimalowa mkati pokoka mpweya, mphuno zili phethiphethi, bere akulikana. Ndinamupana chala chachikulu cha kuphazi ndi pulse oximeter, kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi, ndipo inaonetsa 84. Mwana aliyense amene watsika pansi pa 90 amafunika okosijeni, ndi mmene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangizira. Nditangotenga timapaipi ta m'mphuno, mayiyo anam'fungatira mwana n'kutembenuka.

"Sisita, chonde, ameneyo ayi. Alamu anga anawaika ameneyo, sanadzukenso."

Mantha amenewa sindiwanyoza ngakhale pang'ono. Iwo anaona zoona: munthu anaikidwa mpweya, kenako anamwalira. Chimene sanaone n'chakuti amene amaikidwa mpweya ndi amene adwalitsa kale, ndipo ambiri amaupeza mochedwa, thupi litatopa. Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinadzipana chala changa, 98. Ndinawapana iwo, 97. Kenako mwana, 84.

"Mayi, nambala iyi muziiona nokha. Ndimuika pang'ono. Ikapanda kukwera, mundiuze."

Anavomera ndi mutu, misozi ili chuchuchu. Ndinam'pukuta mamina, chifukwa mphuno zotsekeka sizidutsa kanthu, ndinamata timapaipi pamasaya n'kutsegula lita imodzi pa mphindi. Mayiyo maso anali pa kachipangizo. 87. 90. Inakhazikika pa 94. Chakumadzulo mwana anayamwa. Ndinawauzanso kuti mpweyawo supha tizilombo ta chibayo, imeneyo ndi ntchito ya jakisoni. Iwo umangom'gwiriziza mwana kuti ubongo ndi mtima zisavutike pamene mankhwala akugwira ntchito, ndiye asauchotse akaona kuti wayamba kusewera.

Lachitatu ndinakumana ndi mbali inayo. Tinali ndi agogo aamuna amene anasuta fodya zaka zambiri, mapapo awo anawonongeka ndi matenda a COPD. Adokotala analemba kuti nambala yawo izikhala pakati pa 88 ndi 92. M'mawa ndinawapeza ali ndi tulo tachilendo, kuwaitana akungoyankha ndi mphuno, nambala ili pa 99, makina atsegulidwa mpaka kumapeto. Mwana wawo, amene amawadikirira, ananena yekha kuti usiku anaona 89 n'kuchita mantha, ndiye anawonjezera. Anachita chifukwa chokonda bambo ake. Koma anthu a matenda amenewa ukawapatsa okosijeni wochuluka, mpweya woipa wa carbon dioxide umaunjikana m'magazi, munthu amayamba kuwodzera, ndipo akhoza kukomoka osadzukanso. Sitinauzimitse, chifukwa kuuchotsa mwadzidzidzi n'koopsanso. Tinautsitsa kufikira nambala itabwerera pa 91, adokotala anawaona, ndipo pofika masana agogo anali akufunsa za ndodo yawo.

"Achimwene," ndinatero kwa mwanayo, "bambo anuwa 89 ndi yawo. Mukaona 85, thamangani mudzandiitane, koma apa musagwirepo."

Ophunzira unamwino ndimawauza kuti okosijeni ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo monga mankhwala ena onse ali ndi mlingo wake, amalembedwa pa fayilo, amaonjezedwa ndi kuchepetsedwa. M'zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1950, ku America ndi ku Ulaya ana ambirimbiri obadwa masiku asanakwane anachita khungu chifukwa chopatsidwa okosijeni wochuluka m'mabokosi awo ofunditsira. Madokotala ankaganiza kuti akuwachitira zabwino. N'chifukwa chake anzathu a kwa makanda salola kuti nambala ya khanda lotere, likakhala pa mpweya, idutse 95.

Lachinayi magetsi anathima ndipo jenereta inachedwa kudzuka. Makonsentireta onse analira nthawi imodzi. Tinathamangira masilinda, kuyambira kwa amene anali pa masiki ya chikwama, ija yophimba mphuno ndi pakamwa yokhala ndi kathumba kosungira okosijeni. Masiki imeneyo imadya malita 15 pa mphindi, ndiye malita 900 pa ola, ndipo silinda yaikulu ya malita 6,800 sifika nayo maola asanu ndi atatu. Masamu amenewa namwino amayenera kuwadziwa pamtima. Magetsi atabwera ndinapeza mayi wina akufuna kupaka Vaseline m'mphuno za amuna awo, poti zinauma n'kuyamba kusweka. Ndinawapatsa mankhwala opaka opanda mafuta. Okosijeni payekha sayaka, koma amakolezera moto koopsa, ndiye mafuta, girisi, fodya ndi kandulo siziyandikira silinda kapena timapaipi.

Mwana wa chibayo uja tinamuyesa Lachisanu m'mawa. Tinatseka mpweya, tinadikira mphindi 15, nambala inakhala pa 95, ndipo tinamusamutsira ku wodi ya ana.

Madzulo ake anabweretsa banja la anthu atatu. Anagona ndi makala oyaka m'chipinda chotseka chifukwa cha kuzizira, ndipo anawapeza akusanza, mutu ukuwawa, bambo sakudziwa kumene ali. Wophunzira wina anawayeza n'kupumira m'mwamba: onse 98 ndi 99. Apa ndi pamene kachipangizo kaja kamanama. Utsi wosaoneka wa carbon monoxide, wochokera ku makalawo, umakakamira ku magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndipo pulse oximeter wamba sasiyanitsa ziwirizi. Onse tinawaika masiki ya chikwama, malita 15, chikwama chitafufuma bwino, kuti poizoniyo achoke msanga.

Kachipangizo kameneka ndimakadalira tsiku lililonse, koma kali ndi malire. Chala chozizira, utoto wa m'zikhadabo kapena mwana wopalapata zimakasokoneza. Mu 2020 ofufuza a ku University of Michigan anapeza kuti kwa odwala akhungu lakuda kamalephera kuonetsa kuchepa kwa okosijeni pafupifupi katatu kuposa kwa azungu. Ndiye munthu akamapuma mwabefu, akulephera kumaliza chiganizo, thukuta lili kamukamu, ine sindikhutira ndi 93. Ndimawerenga kapumidwe kake ndi wotchi, ndimaitana adokotala.

Pa atatu aja, bambo ndi mwana anatsitsimuka usiku womwewo. Mayi anali oyembekezera, ndipo magazi a mwana wa m'mimba amasunga poizoni ameneyu nthawi yaitali kuposa a mayi ake. Loweruka m'mawa, popereka ntchito kwa mnzanga, ndinalemba pa fayilo yawo ndi zilembo zikuluzikulu, ndinanenanso pakamwa: masiki isachoke ngakhale anene kuti ali bwino, ngakhale nambala ifike 100, kufikira adokotala ndi azamba atawaona. Silinda yawo inali itatsala theka, ndiye ndinakoka ina n'kuimangirira ndi tcheni pambali pa bedi ndisanatuluke.