Sabata yoika mijigo yathu pa QGIS

Sabata yapitayi ku ofesi yathu ya zamadzi tinatseka mafayilo a mapepala n'kukhala pansi kuphunzira QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu. Anatisankhira imeneyi chifukwa ndi yaulere. Inzake, ArcGIS ya kampani ya Esri, imafuna laisensi yolipira, ndipo thumba la khonsolo mukulidziwa nokha.

Lolemba linadutsa mosavuta. Mapu a pakompyuta ali ngati mapepala oonekera osanjikizana: lina la misewu, lina la mitsinje, lina la malire a ma T/A. Mjigo ndi kadontho, msewu ndi mzere, dera la mfumu ndi polygon, kutanthauza malo ozunguliridwa ndi mzere. Kuseri kwa kadontho kalikonse kuli tebulo: mudzi, chaka chimene unakumbidwa, pampu yake ngati ndi Afridev, ukugwira ntchito kapena unafa. Malire ndi mitsinje tinatenga pa MASDAP, tsamba la pa intaneti la mapu a Malawi, misewu pa OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti. Mphunzitsi wathu, mayi wodekha kwambiri, anatichenjeza kuti shapefile, fayilo yosungira mapu, siyenda yokha. Ukatumiza .shp n'kusiya .shx ndi .dbf, mnzako sangatsegule kanthu.

Mutu unawawa Lachitatu. Titalowetsa mndandanda wakale wa mijigo, wina unakagwera pakati pa mtsinje, wina m'munda wa chimanga m'malo mwa pasukulu. Yonse inali yatsetserekera mbali imodzi ndi mamita mazana angapo. Chifukwa chake n'choti manambalawo anawawerenga pa mapu akale a Arc 1950, pamene GPS ya pafoni imagwiritsa ntchito WGS 84, ndipo njira ziwirizi zoyezera malo padziko zimasiyana. Kompyuta simadzifunsa, imaika kadontho pamene mwaiuza. Titaiuza kuti mndandandawo ndi wa Arc 1950 n'kuusinthira ku EPSG:32736, yomwe ndi WGS 84 ya chigawo chathu (UTM zone 36S), mijigo inabwerera m'midzi mwake. Mnzanga wina anasiya ka minus kutsogolo kwa latitude, nambala yonena kutalika kwa malo kuchokera pa equator, mijigo yake yonse n'kukapezeka ku Sudan. Tinaseka mpaka misozi, koma Malawi ali kummwera kwa equator, ndipo kachizindikiro kameneko ndi kamene kamanena zimenezo.

Lachinayi tinapita kumudzi ndi fomu ya mafunso pafoni, ya pulogalamu ya KoboToolbox. Uyenera kuima pa mjigo penipeni n'kudikira kuti accuracy, nambala yoonetsa mmene GPS ingaphonyere, itsike pansi pa mamita 5, osati kudina uli pamthunzi wa mango cha uko. Pa mjigo wina pampu inali bwinobwino, madzi akutuluka, koma panalibe ndowa ngakhale imodzi. Amayi a mukomiti anati, "Alangizi, lawani kaye musanalembe." Madzi anali amchere. Anthu amatunga kudambo. Pa fomu yathu ukanalembedwa kuti ukugwira ntchito basi, ndiye madzulo omwewo tinaonjezera funso lofunsa ngati anthu amamwa madziwo.

Lachisanu tinajambula buffer, chozungulira cha mamita 500 kuchokera pa mjigo uliwonse umene anthu amamwadi. Zozungulirazo zinathinana m'mbali mwa msewu, kumene galimoto yokumbira imafika mosavuta, zina mpaka kukwerana. Tsidya la dambo midzi inangoti mbee, popanda ngakhale chimodzi. Tonse timadziwa kale kuti kutsidyako kuli vuto, koma pamsonkhano aliyense amakokera kwawo ndipo mawu apakamwa sapambana. Mapuwa tawasindikiza pa A3 kuti tikapite nawo ku ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera, pamodzi ndi mayina a midzi yomwe yagwera kunja kwa mamita 500 aja.